Maliro a pa Bwalo la Yunivesite

Ndakhala mu komboni ya Kalingalinga kuyambira pamene ndinachoka kwathu kum'mawa ndili mnyamata. Ndine kalipentala: zitseko, mabenchi, timipando ta kukhitchini. Shedi yanga ili m'mbali mwa msewu, ndipo mphepo ikamachokera ku yunivesite, phokoso la kumeneko limafika mpaka pa thebulo langa lopalira matabwa.

Chaka chilichonse, nyengo yozizira, kumeneko kumakhala masewera othamanga ndi kulumpha. Ine sindinkapitako, chifukwa Loweruka ndi tsiku la makasitomala. Amene ankapita ndi mkazi wanga, kukagulitsa zitumbuwa ndi munkoyo, chakumwa chonga thobwa, pachipata cha bwalo. Ine ndinkangomvera kutali: m'mawa malikhweru, masana kukuwa, ndipo dzuwa likapendeka, nyimbo ya maliro. Inali nyimbo yeniyeni ya m'buku lathu la kutchalitchi, yoyimbidwa pang'onopang'ono ndi khamu la anthu. Ndinkasiya ntchito, n'kuvula chipewa mpaka ithe.

Madzulo mkazi wanga akabwera ndi chidebe chopanda kanthu, ndinkafunsa kuti, "Amake mwana, kwagwanso zovuta?"

"Taika, abambo," ankayankha. "Chaka chino ndi a hositelo ya kumtunda."

Ankatero akumwetulira. Zinkandidabwitsa, koma ndinkadziwa kuti anthu amanyamula chisoni mosiyana, ndipo sindinafunse zambiri. Ndinangoganiza kuti ana aja amathamanga mpaka mtima kuima. Tsiku lina pa mapemphero a m'dera lathu ndinapempha kuti tikumbukire makolo amene amataya ana pa masewera a ku yunivesite. Mkazi wanga anatsokomola kwambiri, nkhope ataibisa m'chitenje. Mpaka lero sindidziwa ngati ankadziwa kuti sindikumvetsa, kapena ankayesa kuti ndikucheza.

Mkazi wanga anamwalira nthawi ya mvula, chaka chimene mwana wathu wamkazi womaliza analowa yunivesite yomweyo. Pa maliro mwanayo sanalire. Anaphika, anatunga madzi, analandira anthu, maso ali gwa. Pambuyo pake ankabwera kumapeto kwa sabata, n'kuchapa, n'kusesa, n'kubwerera. Tinkapatsana moni basi. Amene ankatilumikiza pocheza anali amayi ake, ndipo ine sindinadziwe poyambira.

Tsiku lina akupinda malaya anga anati, "Batate, Loweruka nizathamanga. Mukabwele."

"Masewera aja amapha anthu?"

"Amapha bandani?"

"Chaka chilichonse mumaika munthu. Ndimamva ndekha nyimbo."

Anandiyang'ana ngati akufuna kuseka. "Mukabwele chabe, muzaona."

"Mama, sindikuloleza," ndinamuuza mwanayo.

"Banalemba kale zina langa, batate."

Loweruka limenelo ndinatseka shedi. Cholinga changa chinali chimodzi: ndikam'peze mwana wanga, ndim'chotse pabwalo asanathamange. Ndinali nditaika kale mmodzi chaka chimenecho.

Koma nditalowa sindinadziwe kolowera. Anyamata ena ankaponya mikondo popanda nyama, ena ankathamanga kuchokera kutali kuti akangogwera mumchenga. Hositelo iliyonse inali ndi mtundu wake wa malaya, ndipo atsikana onse anali atadzipaka choko kumaso, moti wanga sindinamuzindikire. Ndinakhala pa masitepe a simenti kuti ndione bwino. Pomwepo mfuti inalira, ine n'kuimirira.

"Nkhalani pansi, ba mudala, ni ya chongo chabe, ilibe chipolopolo," anatero bambo wina wa imvi amene anali pafupi nane. Anavala malaya ofiira akale, othina pamimba. Anandiuza kuti anaphunzira pomwepo kalekale, ndipo sajomba chaka ndi chimodzi chomwe.

Ndinam'funsa motsitsa mawu kuti anamwalira ndani chaka chatha.

"Chaka chatha tinafa ise," anatero, akudzimenya pachifuwa.

Anafotokoza kuti hositelo imene yatsalira pa masewera onse imatengedwa kuti yafa, ndipo anzawo amaiika m'manda. Amene watsiriza pa mpikisano womaliza ndiye namfedwa, amayenda kumbuyo kwa bokosi. Anati zinayamba pamene opambana anazula chitseko cha ogonja n'kuchinyamula ngati machira. Mayi wina kumbuyo kwathu anakana, anati zinayamba ndi atsikana amene anaika nsapato za mnzawo m'dzenje. Anayamba kukangana pamwamba pa mutu wanga. Ine ndinkangoganiza za makolo aja ndinawapempherera tsiku lija, amene kunalibe.

Ndikali m'maganizo amenewo, analengeza mpikisano womaliza, wopatsirana kamtengo. Apo ndipo ndinamuona mwana wanga, ataima poyembekezera, akugwedeza manja. Kumuchotsa kunali kutachedwa, ndipo sindinkadziwanso ngati panali chomuchotsera. Kamtengo kanam'fika mochedwa, anzake atapita kale. Anathamanga monga ankathamangira amayi ake potsatira minibasi, mutu uli patsogolo. Anafika womaliza, n'kugwira mawondo, akupuma. Hositelo yake inatsalira pa masewera onse, koma ine ndinathokoza Mulungu mokweza.

"Ni mwana wanu uja?" anafunsa bambo wa imvi. "Pepani, ba mudala. Mwafedwa." Anandigwira chanza ndi manja awiri.

Bokosi linatuluka, la makatoni opaka utoto wakuda. Mnyamata wina anadzikulunga shiti yoyera ngati m'busa. Atsikana anam'manga mwana wanga chitenje ndi duku, n'kumuika kumbuyo kwa bokosi. Ndiye anayamba nyimbo ija. Ndinali nditaimva zaka zambiri kuchokera ku shedi, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinazindikira kuti ndi yomwe tinayimba potsitsa mkazi wanga m'manda. Ndinafuna kukwiya, koma sindinapeze womukwiyira. Ankayimba bwino, mawu onse osaphonya, kwinaku ena akudzigwetsa pansi ndi kulira kwabodza.

Mwana wanga anayamba ndi kulira kwabodza komweko, manja ali kumutu. Atafika pakati pa bwalo, mawu ake anasintha. Anzake anaombera m'manja. "Uyu aziba kulila!" anakuwa wina, kumuyamikira kuti amadziwa kulira. Koma kulira kumeneko ine ndinkakudziwa kuyambira ali khanda.

Ndinatsika masitepe, ndinavula chipewa, n'kukayenda pambali pake. Khamu linasangalala kwambiri. "Afika na ba malume ba malilo!" Wina anandipatsa mpango wopukutira misozi, wina anandijambula ndi foni. Sindinadziwe ngati ndikuchita nawo masewera kapena ndikuperekeza maliro. Mwana wanga anagwira mkono wa jekete yanga, osausiya.

"Bamai benze kuimilila paja," anatero, akuloza kuchipata kumene amayi ake ankaima. Panali mayi wina wachilendo ndi chidebe cha zitumbuwa.

"Ndikudziwa, mama," ndinayankha, ngakhale ndinali ndisanamuonepo mkazi wanga ataima pamenepo.

Bokosi analiponya m'dzenje la zinyalala kuseri kwa bwalo, m'busa wa shiti n'kuliwaza madzi a m'botolo. Ana aja anathera pa ndime yachiwiri, n'kuyamba kuvina. Ine nyimbo ya m'buku sindiisiyira panjira, choncho ndinamaliza ndime zotsalazo chapansipansi, mwana wanga akuthandiza.

Tinabwerera ku Kalingalinga wapansi, duku lija akadali nalo kumutu. Njira yonse ankandiuza za amayi ake: mmene ankayimbira nawo pachipata chaka chilichonse, ndi mmene anasekera kukhitchini tsiku la mapemphero lija mpaka kukhala pansi. Azimayi oyandikana nafe ataona duku ndi maso ofiira anatuluka m'nyumba, n'kufunsa kuti kwagwanji. Ine ndinayang'ana mwana wanga kuti ayankhe ndiye.

Masewerawo akuchitikabe. Nyimbo ikafika pa shedi ndimavulabe chipewa. Nthawi zina ndimati ndikafunse akulu a mpingo ngati kutero n'koyenera, koma sindinapezebe pomwe ndingayambire kuwafotokozera.