Mtima wa Zipinda Zisanu

Ndinayambitsa ndine, ndipo sindinganame kuti chala chinangotereka. Koma nkhaniyi iyambire pa tsiku limene ndinaganiza zochoka ku Chiwanga. Nditamaliza desima, kalasi ya khumi, atate anandiuza kuti ndisankhe: kulowa m'bwato la usipa, kapena kupeza chochita china mvula isanagwe. Ine nyanja ndimaikonda ndili pamtunda. Choncho nditamva kuti a Amade, amene amakonza mafoni pamsika ku Lichinga, akufuna munthu wa zala zopepuka, ndinapinda malaya awiri n'kukwera shapa, minibasi ya kwathu.

Za kuzizira kwa ku Lichinga palibe anandichenjeza mokwanira. Malipiro a mwezi woyamba anathera pa juzi limodzi ndi mbatata ya kachewere. Anzanga ndinalibe, woti ndimuseweretse ndinalibenso, chifukwa a Amade saseka pa nthawi ya ntchito, ndipo kwa iwo nthawi yonse ndi ya ntchito. Mauthenga a kwathu ankabwera ndithu. "Tomasi, tumiza sopo." "Tomasi, chaja ya atate yafa." Woti afunse ngati ndadya, ng'o.

Kenako achemwali anga a Margarida anayamba kupempha buku. Iwo amafuna unamwino kuyambira kale. Chaka chatha analephera ezame, mayeso olowera kusukulu ya unamwino, ndipo atate ananena poyera kuti ulendo uno ndi womaliza: akalepheranso, akhala pa thandala kuyanika usipa ngati akazi ena onse, nkhani ya sukulu itsekedwe. Buku la sayansi ya thupi limene ankalifunalo linalipo, koma osati la pepala. Linali mu tabuleti ya Fatuma, mwana wa a Amade, amene analigula pa intaneti n'kukhoza nalo.

Ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Ndinalumikiza tabuleti ku kompyuta, n'kukopera fayilo, n'kutumiza. Achemwali anayankha kuti foni yawo ikuti siikudziwa chinthu chimenechi. Linali EPUB, foni yawo imatsegula PDF yokha. Ndinayesa kulisintha, pulogalamu inakana: bukulo linali lokiyidwa, limatseguka mu tabuleti ya amene analigula basi. Ndinayesa kujambula sikirini mkati momwemo, chithunzi chinatuluka chakuda bii.

Koma loko ameneyu sanapangidwire munthu wa ku Chiwanga. Masana aliwonse, a Amade akapita ku mzikiti, ndinkaimika tabuleti pa bokosi n'kumaijambula ndi foni yanga, tsamba ndi tsamba. Pali pulogalamu imene imawerenga zilembo pa chithunzi n'kuzisandutsa mawu oti munthu akhoza kukonza. Inanditengera masabata atatu. Ndipo apa m'pamene ndinazindikira kuti buku lochoka m'loko limakhala ngati dongo lonyowa.

Bodza loyamba linali longoseka: ndinalemba kuti kuyasamula kumabwera chifukwa cha ulaliki wautali. Ndinkafuna achemwali andiimbire, andikalipire, tilankhule za china chosakhala sopo. Kenako ndinayamba kukoma nazo. Zipinda za mtima ndinazichotsa pa zinayi n'kuziika pa zisanu. Mafupa a munthu ndinawonjezerapo khumi. Onse pamodzi mabodza anali khumi ndi limodzi, ndinawawerenga monyadira. Ndinasunga ngati PDF, n'kutumiza, n'kufufuta zithunzi zonse chifukwa foni inali itadzaza. Ndinadikira foni ya mkwiyo. Sinabwere. Patapita miyezi iwiri ndinali nditaiwala.

Lachiwiri lina m'mawa, ezame itatsala masiku asanu ndi limodzi, kunabwera uthenga wa mawu. Achemwali ankamveka osangalala.

"Achimwene, tamverani mmene ndalowezera. Mtima uli ndi zipinda zisanu, ziwiri pamwamba, zitatu pansi. Ndipo owerenga bukuli tilipo asanu ndi mmodzi tsopano, ena a ku Nkholongue."

Ndinaseka, sindikana. Ndinaseka mpaka a Amade anakweza maso. Kenako ndinasiya kuseka. Ndinatenga pepala kuti ndilembe mabodza onse, ndinakumbukira asanu ndi awiri okha. Anayi enawo anali manambala, penapake m'masamba oposa mazana awiri. Kujambulanso buku lonse nthawi panalibe. Njira inali imodzi: tabuleti yeniyeniyo ipite ku Chiwanga.

Fatuma anandimvetsera mpaka kumapeto osaphethira.

"Iwe ndiwe wodwala," anatero. "Tenga, ubweze Lolemba. Koma bukuli limafuna kulankhula ndi intaneti pakapita masiku. Likapanda kupeza rede ya intaneti limadzitseka, ndipo ine sindinalitsegule kalekale. Kwanuko rede ilipo?"

"Imabwera ikafuna."

"Ndiye upemphere ifune."

Ndinafika Lachitatu masana, fumbi m'tsitsi, tabuleti nditaimanga pamimba mkati mwa juzi. Atsikana onse asanu ndi mmodzi ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Ndinkayembekeza kuona mafoni. Ndinaona makope. Foni ya achemwali imatha moto msanga, zilembo za PDF ija zinali zazing'ono ngati mazira a nsomba, ndiye iwo ankawerenga mokweza, onse n'kumalemba pamanja. Buku lonse, kasanu ndi kamodzi. Pachikuto cha kope lililonse panalembedwa mawu amodzimodzi: Buku la Tomasi.

Amayi anatuluka akupukuta manja. "Wabwera mwini buku. Azimayi a ku tchalitchi atopa nane, tsiku lililonse ndimakutchula."

Pamenepo m'pamene ndinaulula, nditaimirira, chikwama chili kumsana. Achemwali anatseka kope lawo pang'onopang'ono.

"Angati?"

"Khumi ndi limodzi."

"La ulaliki lija tinaliona. Tinaseka, tinati Tomasi watisowa. Ena ali pati?"

"Asanu ndi awiri ndikuwadziwa."

"Tomasi, ndakufunsa kuti ali pati."

"Anayi sindikukumbukira, achemwali."

Mtsikana wina wa ku Nkholongue, Luisa, anayamba kulira mwakachetechete. Ndinatulutsa tabuleti msangamsanga ngati munthu wobweretsa mankhwala, n'kudina bukulo. Linazungulira, linazungulira, kenako linalemba kuti silingatseguke mpaka litatsimikizira mwini wake pa intaneti.

Ndinayenda nayo m'mwamba ngati mbale ya chopereka: pakhomo, kumchenga, pamwala umene asodzi amaimbirapo foni. Kadontho kamodzi ka rede kankabwera n'kuthawa. Moto wa tabuleti unali ukutsika, ndipo atsikana asanu ndi mmodzi ankanditsatira pambuyo. Pamapeto achemwali anabwereka njinga kwa aneba.

"Palasa," anatero, n'kukhala pakaliyala atakumbatira tabuleti. Tinalunjika ku tauni ya Metangula, ndipo pa chitunda anati, "Usatsike." Pafupi ndi msika bukulo linatseguka. Ndinamva mpweya wawo ukutuluka kumsana kwanga.

Vuto lina linatidikira kunyumba. Buku la mu tabuleti lilibe masamba okhazikika, ukakulitsa zilembo manambala amasintha. Tsamba 40 la mu PDF yanga silinali tsamba 40 la mmenemo, la m'makope ndiye aliyense lake. Kudumpha kunali kosatheka. Ndinayenera kuwerenga mokweza kuyambira mutu woyamba, iwo akutsatira ndi chala, wina akaona chosiyana aimitse.

Masiku atatu, kuyambira kutuluka kwa dzuwa mpaka zilembo za m'makope zitasiya kuoneka. Tabuleti ndinkathamanga nayo kukatchaja pa sola ya akatekisiti. Mawu anga anasasa Lachisanu. Kufufuta m'kope kunali kosavuta, kovuta kunali kufufuta m'mutu: Luisa ankangobwereza mafupa anga owonjezera aja, achemwali ankamugwira dzanja n'kumunenetsa nambala yoona kakhumi. Loweruka masana tinali titapeza khumi, mitu itatsala iwiri. Achemwali sanadye. Ankangoyang'ana pakamwa panga.

La khumi ndi chimodzi tinalipeza m'mutu wa impso. Ndinafuna kutseka, achemwali anati, "Maliza." Ndipo m'mutu womaliza tinapezamo zolakwika zina ziwiri zimene sizinali zanga konse: pulogalamu yowerenga zithunzi ija inasandutsa 8 kukhala 3, kwina inameza mzere wathunthu.

"Mwaona," ndinatero ndi mawu anga osasawo, "ndikanapanda kunama, ziwirizi mukanapita nazo ku ezame."

Kope la Luisa linandipeza pakhutu.

Ku Lichinga buku lili ndi mwini mmodzi, ndipo limamufunsa dzina pakapita masiku. Kwathu chinthu chikalowa pakhomo limodzi, pofika Lamlungu chili m'nyumba zisanu ndi imodzi, chabwino ndi choipa chomwe, ndipo dzina la wobweretsayo limapita nacho. Ine ndinkazizidwa pamsika paja ndikuganiza kuti andiiwala, pamene iwo ankandilemba pachikuto.

Atate, amene anali kunyanja masiku onsewa, anaweruza Lamlungu m'mawa. Misa itatha, atsikana asanakwere shapa yopita ku ezame, anandiimika pakhomo la tchalitchi kuti ndiwerenge mabodza onse pamaso pa anthu, lililonse ndi choonadi chake. Foni yanga anaiika m'thumba mwawo, akuti ndidzaiona zotsatira za ezame zikadzatuluka, ngati zili zabwino. Mpaka pano sizinatuluke, n'chifukwa chake izi ndikulemba pa pepala.

Ndinawerenga bwino, mokweza, ndikupumira poyenera. Nditafika pa la kuyasamula ndi ulaliki wautali, akatekisiti anayamba kutsokomola n'kulowanso m'tchalitchi, agogo ena kumbuyo anapempha kuti ndibwereze chifukwa sanamve. Ndinayang'ana atate. Iwo anayang'ana kunyanja. Ndiye ndinabwereza.