Duku Lopendekeka la aNyaShaba

Wojambula zithunzi zoseketsa amene amakhala kuseri kwa msika wa pa Boma sayang'ana munthu m'maso. Ukamamupatsa moni, iye maso ali pa khutu lako kapena pa kayendedwe kako, ndipo mawa lake umapeza wakujambula kale. Ntchito yake ndi kutsatsa malonda ang'onoang'ono pa intaneti, ndipo sachedwa kukuuza kuti, "Botolo lilibe nkhope, anthu amagula kwa munthu."

ANyaShaba, mayi wogulitsa uchi wochokera ku Euthini, atamupempha kuti awatsatsire, iye anawajambula ndi duku lawo lopendekeka, njuchi zikulizungulira. Mayiwo atachiona chithunzicho anapsa mtima. Kutacha anamanga dukulo mowongoka ngati akupita ku Umanyano, msonkhano wa amayi a kutchalitchi, nakhala pamsika mpaka masana osagulitsa kanthu. Anamwino ndi aphunzitsi ankangowadutsa, mafoni m'manja, akufunsana kuti mayi wa duku lopendekeka uja ali kuti.

Wojambulayo atamva kuti wakwiyitsa munthu wamkulu, anathamangira kumsika kukapepesa. Anawapeza dukulo atalikokera kale kukhutu, ogula atawazinga.

"Amama, ndichifufute chithunzi chija?"

"Mufufute chiyani? Gwirani mabotolowa mundithandize. Koma mphuno yanga mwaikulitsa chomene."

Iye analandira mabotolowo akumwetulira, maso ali pa mphunoyo.

"Musaidandaule, amama. Imeneyo ndi imene itigulitsire uchi mwezi wamawa."