Selotepi pa Kaseti ya Bambo Alufandika

Ntchito yanga yoyamba anandipezera mlamu wanga, nditatha chaka chathunthu ku Ndirande ndikungodya za eni. Inali ya m'kashopu kojambulira nyimbo kuseri kwa msika, ka a Chikopa. Munali kompyuta imodzi, deki ya makaseti, chingwe cholumikiza ziwirizi, ndi katoni ya makaseti akale. Makaseti anali akutha nthawi imeneyo, koma madalaivala ena a minibasi ankawafunabe. Tinkatenga akalewo, kumata selotepi pa timabowo tiwiri ta pamwamba, n'kujambulamo zatsopano. Popanda selotepi batani lojambulira silitsika.

Chimbale chimene chinkayenda malonda chinali cha nyimbo zosakaniza, zija zinkavuta pa wailesi kale. Chinatuluka pa kaseti, kenako anadzachitulutsanso pa CD. A Chikopa anandichenjeza tsiku loyamba kuti chikuto n'chimodzi koma zam'kati n'zosiyana. Pa CD nyimbo zinali zathunthu, ndi ziwiri zoonjezera. Pa kaseti zina zinadulidwa kuti zikwane, ndipo mbali B inkatha msanga, tepi n'kumangozungulira zii kwa mphindi zingapo. "Kasitomala akabwera ndi kaseti, umvere kasetiyo," anatero. Ndinangogwedeza mutu.

Lachitatu lina kunabwera bambo Alufandika, mlonda wokhala ku Chilomoni, kwawo ku Nsanje. Anayenda wapansi, kaseti ya chimbale chomwecho ataikulunga m'kampango.

"Achimwene, mundiikire pa CD. Yonse, mpaka iime yokha. Inali ya malemu mayi a kunyumba. Mwana wathu akukwatiwa Loweruka, ndikufuna aimve."

Kusamutsa kaseti kumadya ola lathunthu, iwe uli tcheru kudikira tepi izungulire. Ine nditaona chikuto ndinaseka chamumtima. Chimbalecho chinalimo kale m'kompyuta, chomveka bwino, ndi nyimbo ziwiri za basela. Mphindi zisanu ndinali nditajambula CD, ndikudziona wochenjera. Kasetiyo ndinaisiya pa tebulo, pafupi ndi katoni ija.

Mawa lake dalaivala wina wa minibasi anafuna nyimbo za kwaya mwachangu, ndipo ndinatola kaseti imene inali pafupi. Timabowo take ndinatipeza tomata kale ndi selotepi wakalekale, wofiirira. Ndinakondwa kuti wina wandichepetsera ntchito. Sindinadzifunse kuti womatayo ankajambula chiyani.

Lachisanu bambo aja atabwera ndinawaikira CD. Anaimvera yonse ali chiimire, chipewa chili m'manja. Itatha anafunsa, "Nanga mawu aja?"

"Mawu ati, bambo?"

"Kumapeto kwa mbali B. Mayi ake a mwana uja akumuimbira nyimbo yomugoneka, m'Chisena, iye ali khanda. Mayiwo anamwalira mwanayo asanayambe kuyankhula, mawu awo sawadziwa. Basi, bweretsani kasetiyo, ndikabwereka wailesi yabwino."

Ndinathamanga mpaka pa siteji, n'kuipeza minibasi ija ikudzaza anthu, kwaya ikuimba mokweza. Ndinachonderera dalaivala, kubwerera nayo kasetiyo, kuithamangitsa m'deki mpaka chakumapeto. Inali kwaya yokhayokha mpaka tepi kuima. Ndinali nditaidzaza bwinobwino, osasiya malo.

A Chikopa anandikalipira, koma mawu awo sindiwakumbuka. Ndimakumbuka a bambo Alufandika. Sanatukwane, ndipo bola akanatukwana. Anakulunga kasetiyo m'kampango komwe kaja, CD anaisiya pa kauntala.

"Wailesi yanga imadya matepi, n'chifukwa chake sindinamuikirepo," anatero. "Zaka zonsezi ndinkadikira tsiku lake."

Ndinapirira miyezi iwiri, n'kusiya ntchitoyo. Lero ndimakonza mafoni ku Bangwe. Munthu akandipatsa memori khadi kuti ndifufute, ndimamukhazika pansi kuti tione kaye zonse, ngakhale pamene pakuoneka kuti palibe kanthu. Amadandaula kuti ndimachedwa, ndipo ena sabweranso.

Sindinama kuti zimenezi zimanditonthoza. Kwinakwake ku Chilomoni kuli mayi, mwina akugoneka ana ake tsopano, amene sanamvepo mawu a mayi ake chifukwa ine ndinaumira ola limodzi.