Velo Yonunkha Mankhwala

Dzulo ndikufunyulula neti yatsopano yoti mwana wanga azigonamo, kafungo ka mankhwala ake kanandibweza kusukulu ya atsikana ya Angilikani komwe mpingo unkandilipirira.

Mwambo wake unali wakuti pa tsiku loti abishopu atisanjike manja, mtsikana aliyense avale kumutu velo yoyera yochokera kwawo. Wopanda velo ankadikira chaka china. Koma chaka chimenecho ndalama inali itasanduka mapepala, m'masitolo a m'tauni ya kwathu ya Hauna mutangotsala mashelefu okhaokha. Mayi anga ankathyola tiyi ku esiteti, nanga nsalu akanaitenga kuti? Ndinangoti zanga zada.

M'mawa wa tsikulo amayi anatsika pa lole ali mbuu ndi fumbi, n'kundikokera kuseri kwa tchalitchi. Anatulutsa kansalu ka timabowo, kopinda bwino m'mphepete.

"Amayi, iyitu ndi neti yanu yogonamo!"

"Nyarara iwe, khala chete, werama ndikumange. Ndachapa n'kuchapanso kumtsinje, abishopu sadziwa."

Tinalowa pamzere tikuimba. Nditagwada, abishopu anaika manja pamutu panga, n'kuyetsemula mwamphamvu. Anzanga anagwira pakamwa. Abishopuwo anangomwetulira n'kupitiriza pemphero.

Podzuka ndinacheuka. Amayi anali ataima pakhomo, poti mipando inali itadzaza ndi makolo obwera pa magalimoto awo. Tchalitchi chonse chili zii, amayiwo anayamba kuimba nthungululu okhaokha, manja ali m'mwamba, mikono yonse itatupa ndi kulumidwa ndi udzudzu.