Foni ya Bambo ndi Manja a Mlamu

Pamzere wa nyumba zawo aliyense ankangomutchula kuti Chemwali, ngakhale anthu omuposa zaka. Anali mwana wachisamba m'banja la ana atatu, ndipo ankagwira ntchito kuchipinda chochapira cha chipatala china, kuseri kwenikweni, kumene makina amalira tsiku lonse ndipo nthunzi imanyowetsa makoma. Zaka khumi ndi zinayi zosita nsalu za pabedi zinamusiyira tizipsera tiwiri ta simbi padzanja lamanja ndi msana wodandaula kukazizira.

Banja lake litatha anabwerera kwa makolo ndi sutikesi imodzi, n'kunena kuti angokhalako miyezi itatu. Zinakwana zaka zisanu ndi zinayi. Mayi atadwala, ndi iye ankawatembenuza pabedi, ndipo atamwalira ndi iye anatsala ndi Bambo, dalaivala wa basi wopuma ntchito, wodwala shuga ndi mawondo. Mng'ono wake anakwatiwa kutali. Mchimwene wake, mzime wa pabanjapo, ankakhala tsidya lina la tauni ndipo ankabwera Lamlungu masana akakumbukira. Choncho mapiritsi a m'mawa ndi a madzulo, kuwenga zikhadabo za kumapazi, kukangana za supuni yachiwiri ya shuga mu tiyi, zonse zinali pamutu pa Chemwali. Bambo sankathokoza. Iye sankazitengera kumtima, poti ankati munthu sathokoza dzanja lake lomwe.

Foni nayo anawagulira ndi iyeyo, Mayi akadali moyo. Itakwanitsa zaka zinayi inayamba kukalamba ngati mwini wake. Ukaidina, inkayamba yaganiza kaye. Munthu akaimba, Bambo ankakhwekhwereza chala pagalasi kanayi, foni ili duu, mpaka woimbayo kutopa. Akafuna kujambula mbalame itatera pampanda, kamera inkatseguka mbalame itapita kalekale. Pamwamba pankangotuluka uthenga wakuti malo atha. Bambo ankaigogoda pabondo monga ankachitira ndi wailesi ya m'basi, koma sinkamva. Chemwali anawauza kuti yatha ntchito, apirire, adzawapezera ina chaka chikamatha. Anali ataisankha kale, yakuda, pawindo la sitolo ina ya panjira yake yopita kuntchito, ndipo m'mawa uliwonse ankadziona akuipereka m'manja mwawo ili m'bokosi.

Chaka chomwecho mzime anakwatira. Mkazi wake ankagwira ntchito pasitolo yosindikiza ndi kukopera mapepala, mkazi wochepa thupi, wolankhula motsitsa, wosachedwa kunyamuka akaona mbale zakuda. Chemwali anamuyang'ana miyezi iwiri kufuna pomugwira, osapapeza, ndipo chimenechi ndicho chinkamusowetsa mtendere.

Lamlungu lina masana onse anali pabalaza. Chemwali ankasita malaya a Bambo pafupi ndi zenera. Foni inalira, Bambo n'kulimbana nayo mpaka inadula. Mlamu uja anasendera pafupi napempha kuti aione.

"Isiyeni alamu, imeneyo inafa kale," anatero Chemwali osadzutsa mutu.

Koma Bambo anali atapereka kale. Mlamu anakoka kampando, n'kugwira foni mopendeketsa kuti mwini wake aziona, ndipo chilichonse asanachifufute ankayamba wafunsa. Anapezamo gulu la madalaivala opuma ntchito lomwe linkatumiza mavidiyo a mabasi otitimira m'matope, vidiyo imodzi kanayi kanayi. Anapezamo zithunzi za maluwa zolembedwa kuti mwadzuka bwanji, zoposa zikwi ziwiri. Munalinso mapulogalamu asanu ndi awiri amene Bambo analumbira kuti sakudziwa analowa bwanji, ndipo atatu mwa iwo ankalonjeza kuti amathamangitsa foni. Mlamu anati amenewo ndiwo ankaidya kwambiri, nawachotsa. Anasesa zinyalala zomwe mapulogalamu amasiya akamagwira ntchito, anatseka kuti zithunzi za m'magulu zisamadzilowetse zokha, analumikiza foniyo ku bandulo yake kuti ilandire zatsopano zimene inakhala ikupempha chaka chathunthu. Kenako anafunsa kuti anaizimitsa liti komaliza. Bambo anati sankadziwa kuti foni nayo imapuma.

Pena pake awiriwo anatsitsa mawu. Bambo ananena kanthu, mlamu anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Chemwali anatchera khutu, koma simbi inali kutulutsa nthunzi, sanamve.

Foni itayakanso, Bambo anadina kamera, inatseguka nthawi yomweyo. Anadinanso kwina, chimodzimodzi. Anaseka mpaka chifuwa, kuseka kumene Chemwali anali asanakumve chimwalirire Mayi.

"Akuluakulu sananame, mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa," anatero. Kenako anatembenukira kuzenera. "Iwe umati inafa."

Chemwali anamwetulira ndi mano okha. Kolala ya malaya ija anaisita katatu.

Nkhani ikanathera pomwepo bwenzi atameza. Koma Bambo anaiyendetsa ngati basi, kuima pa siteji iliyonse. Anauza mnzawo wosewera naye makadi, anauza wometa, anauza namwino wa kuchipatala cha shuga Chemwali ali chiimire pambali atanyamula chikwama cha mankhwala. Ntchito imene inatenga pafupifupi ola inafupika m'kamwa mwawo mpaka inasanduka mphindi zisanu. Mpongozi wawo anamupatsa dzina lakuti Dokotala. Pasanathe mwezi, Lamlungu masana pabalaza pankadzaza anthu oyandikana nawo, aliyense foni m'manja, kudikira Dokotala, ndipo wowaphikira tiyi anali Chemwali. Ankaika makapu patebulo mwamphamvu pang'ono kuposa mmene zimafunikira.

Kuntchito anadandaulira mnzake wa pamakina ochapira. Anati kufufuta zithunzi nayo n'kukhala ntchito yoti munthu atchuke nayo, pamene wina watsuka mabala zaka zonsezi popanda womuimbira m'manja. Mnzakeyo anamvetsera bwinobwino, n'kuvomereza kuti dziko ndi lokondera, kenako anafunsa ngati angamutengereko foni yake kwa Dokotala Lamlungu likubwerali. Chemwali sanamulankhule mpaka poweruka.

Foni yake yomwe inali kukwawa chimodzimodzi, koma mlamu akabwera ankaibisa m'thumba la epuloni. Tsiku lina inaumira m'manja mwake mlamu akuona, ndipo mlamuyo anadzipereka kuti aikonze. Chemwali anati yake ilibe vuto, ndi netiweki chabe. Popita kuntchito anayamba kuyenda mbali ina ya msewu kuti asaone foni yakuda ya pawindo ija.

Patapita miyezi isanu Bambo analowa m'magulu ena awiri, foni n'kuyambanso kulemera. Mlamu anali woyembekezera, mapazi otupa, ndipo anali atadumpha Malamlungu atatu. Bambo anati palibe changu, adikira Dokotala. Mawu amenewa anamulasa Chemwali. Loweruka m'mawa, Bambo ali kubafa, anatenga foni ija pamkono wa mpando. Anali ataonera mokwanira ndi m'mbali mwa diso. Anapeza pamene foni imaonetsa zomwe zadzaza malo, nafufuta mavidiyo. Pansi pake panali mauthenga a mawu oposa mazana atatu. Anati awa ndi maulaliki ndi nthabwala za madalaivala. Anawasankha onse. Foni inamufunsa ngati watsimikiza, iye anatsimikiza, ndipo anakhuthulanso bini monga ankaonera mlamu akuchitira. Anaizimitsa, naiyatsa. Inkathamanga ngati yatsopano. Anapukuta galasi ndi nsonga ya epuloni, naibwezera pamalo pake, n'kupita kukhitchini mtima uli myaa, makutu ali kubalaza.

Bambo anatuluka, nakhala pampando, navala tizingwe ta m'makutu monga ankachitira m'mawa uliwonse. Chemwali ankaganiza kuti nthawi imeneyi amamvera nkhani za pawailesi. Kenako anamva akumuitana, ndi mawu aang'ono.

"Mayi ako apita kuti?"

Anathamanga poganiza kuti shuga watsika. Koma Bambo anali bwinobwino, akuloza pagalasi. Macheza awo ndi malemu analipo, mzere ndi mzere, koma uthenga uliwonse akaudina unkangoti mulibe kanthu. Anafotokoza, maso ali pafoni, kuti Mayi sankakonda kulemba, ankangojambula mawu, ndipo iwo ankamvera awiri kapena atatu m'mawa uliwonse asanamwe tiyi. Sanafunse kuti wagwira ndani. Anangoti tsiku lija anamuuza mpongozi wawo kuti izi zokha asakhudze.

Chemwali anazindikira zomwe anachita. Koma ngakhale m'mantha momwemo, kena kake kanamuluma: zaka ziwiri m'nyumba imodzi, iye akuwadutsa ndi tsache m'mawa uliwonse, sanamuuzepo, koma mlendo anamuuza tsiku loyamba. Sanaulule. Anati apite nayo akaionetse, navala nsapato.

Mlamu anali akugwirabe ntchito, poti sitolo inali pafupi ndi kwawo. Chemwali anamupeza atakhala pakati pa makina awiri okopera, mapazi atasanjika pabokosi la mapepala. Anakana mpando. Ananena zonse ali chiimire, akuyang'ana kalendala ya pakhoma, ndipo anali atakonzeka kudzudzulidwa. Mwinanso ankakufuna, kuti apeze poyankhira. Mlamu anangotsegula kabati, natulutsa kafulashi kosungiramo zinthu za pakompyuta, komatidwa kapepala kolembedwa kuti Mayi. Anati tsiku lija, Bambo atamuuza, anawapempha kuti akopere mauthengawo kwina, chifukwa foni imagwa m'madzi, imabedwa.

Anailumikiza ku kompyuta. Anati mauthengawo m'macheza muja sangabwererenso, koma awaika onse pamodzi patsogolo penipeni, poti Bambo azingodina. Atamaliza anatsegula umodzi kuti ayese. Pamwamba pa phokoso la makina panamveka mawu a Mayi, opuma movutikira pang'ono, kumbuyo kukulira mpopi.

"Bambo a ana, pobwera mugule sopo. Ndipo mwana wanuyu wabisanso shuga. Musalimbane naye, makaniwa anatengera kwa inu."

Chemwali anagwira m'mphepete mwa tebulo. Mlamu anayang'ana kumbali, n'kuyamba kusanja mapepala osafunika kusanja. Chemwali ankayang'ana kapepala kaja ka pafulashi, kolembedwa ndi dzanja la mkazi amene sanawaonepo Mayi ndi maso, sanawasambitsepo n'kamodzi komwe, koma anawasunga m'kabati mwake miyezi isanu pamodzi ndi mapini ndi guluu.

"Bambo asadziwe, alamu," anatero mlamu pomupatsa foni. "Tingoti zinasuntha zokha."

Chemwali anathokoza. Mawuwo anatuluka ngati akuzulidwa dzino. M'basi pobwerera anapeza kuti chimene chikumuwawa koposa si kulakwa kwake, koma kuti munthuyo sanamupatse ngakhale kadiso konyoza koti akasunge.

Kunyumba Bambo anamvera mauthenga asanu motsatizana, napukuta m'maso, ndipo madzulo ake wometa anali atamva kale kuti Dokotala amaukitsa ndi zakufa zomwe. Chemwali anapirira sabata imodzi. Loweruka lotsatira, atagwada ndi beseni akuwatsuka mapazi, ananena kuti anafufuta ndi iye.

Bambo anati ankadziwa. Galasi la foni analipeza lopukutidwa, ndipo m'nyumbamo wopukuta zinthu ndi mmodzi yekha. Iye anafunsa, akufinya thaulo, chifukwa chake sanamuuzepo za mauthengawo.

"Iwe ukanalira," anatero Bambo. "Uja sanawadziwe amayi ako, kumuuza kunali kosavuta."

Chemwali sanadziwe ngati yankho limeneli ndi lomukweza kapena lomutsitsa, ndipo sanafunsenso. Anapempha tizingwe tija, namvera mauthenga atatu ali pansi pomwepo, madzi a m'beseni mpaka kuzizira.

Mlamu anabereka mwana wamkazi, ndipo anthu a Lamlungu anachepa okha poona kuti Dokotala manja ali ndi khanda. Chemwali foni yake anaikonza yekha, mosamala, masiku atatu. Masiku ano nthawi yopuma masana, anzake a kochapira amamubweretsera zawo, iye atakhala pamtolo wa nsalu zoyera, ndipo safufuta kanthu asanafunse kawiri. Akamufunsa kumene anaphunzira, amati zinthu izi munthu umangodziwa. Ndi mlamu amapatsana moni mwaulemu, amalandirana mwana, ndipo tsiku lina anasekera limodzi mzime atamanga thewera chammbuyo. Koma nsanje sinasamuke, inangochepetsa phokoso. Bambo akaitana ali pampando wawo kuti mwana wanga, Chemwali amayamba watembenuka kuti aone kumene maso awo aloza.