Nyama ya Chiyanjano

Dzulo pamsika wa Lundazi fungo la mbuzi yokazinga linandichititsa nseru mpaka ndinalavula.

Ndili giredi faivi ku Chikomeni, aphunzitsi anatisimbira za mfumu ina ya ku Girisi wakale imene inkalimbirana ufumu ndi m'bale wake. Inamuitanira chakudya chakuti ayanjane, n'kumuphikira ana ake omwe. Mwini ana anadya osadziwa.

Sabata yomweyo atate aakulu, amene ankakangana ndi mng'ono wawo, adada anga, za munda wa fodya, anatiitana kukadya kwawo kuti nkhani ithe. Pa chakudya chotere munthu sakana mbale.

"Idya, mwana wanga, nyama yanthete iyi," anatero atate aakulu.

Ndinadya mpaka mafuta kuyenderera pachigongono.

Ndikukasamba m'manja kuseri kwa chigafa cha fodya, ndinaona chikopa chachiwisi atachikhomera pansi, ntchentche zili ng'waa. Chinali chakuda, chabanga loyera pamsana. Kanali kambuzi kanga kamasiye, kamene ndinkakamwetsa phala m'botolo, kamene kanasowa dzana lake.

Pabwalo ndinamva adada akuseka. "Yewo, akulu, tawonjezerani nthuli ina."

Ndinagwada pambali pa chikopacho n'kulowetsa chala kukhosi.