Chingwe cha ku Chimbiya

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndili Sitandade 8 pa sukulu ina kumunsi kwa phiri la Chongoni, pamene aphunzitsi athu a kwaya, a Nkhoma, anatiuza kuti kukubwera anthu a boma ochokera ku Lilongwe. Ankafuna achinyamata oti akawaphunzitse kuimba, kuvina ndi kuchita zisudzo, kenako n'kuwalemba ntchito. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, ndipo mwayi wotere sunkakwera kumapiri kuno wambawamba. Pasukulu pathu anasankha awiri oti tikayesedwe: ine ndi Filomena, mwana wa azakhali anga.

Ndinene zoona, Filomena ankandiposa kutalitali. Anali wamfupi, koma akayambitsa nyimbo m'tchalitchi ngakhale makanda ankasiya kulira. Ine changa chinali msinkhu basi.

"Sabata ino muzimwa dzira laliwisi m'mawa uliwonse," anatero a Nkhoma. "Limatsuka kukhosi."

Komatu kwathu mtsikana sankaloledwa kudya mazira, ati adzavutika pobereka. Ndiye tinkachita kuba. Filomena ankadziwa pamene nkhuku ya amayi ake inkaikira, m'kati mwa nthochi. Tinkabisala kuseri kwa nkhokwe, chisanu cha mu Juni chikutiluma zala, n'kuboola dziralo ndi kamtengo. Nyansi zakezo! Chinthu chozizira, chonanda ngati mamina, chikutsika pang'onopang'ono kukhosi. Tsiku lachinayi langa linali lofungatiridwa kale, la timagazi, koma ndinamezabe misozi ili chuchuchu. Azakhali atazindikira anam'kwapula Filomena ndi nthambi ya pichesi mpaka miyendo kutupa. Sananditchule n'komwe.

Tsiku loyesedwa tinayenda wapansi mpaka ku Chimbiya, makadi a chipani ali m'manja, poti pachipata ankayamba aona amenewo. Pabwalo panali tebulo, abambo awiri a masuti ndi mayi wina wonenepa. Munthu asanatsegule pakamwa, anamanga chingwe pakati pa mitengo iwiri ya bulugama.

"Atsikana nonse mudutse apa," anatero mayiyo. "Amene mutu wake sukhudza chingwe azipita kwawo. Pamaso pa akuluakulu timafuna mzere wofanana, osati mano a nkhalamba."

Zoona? Anthu ofuna oimba, kutiyeza ngati nsungwi zomangira nkhokwe! Filomena ananyang'ama kuti afikire, koma mayi uja anam'kanikiza paphewa. "Iwe, usatipusitse." A Nkhoma anangoti chilili, chipewa chili m'manja. Filomena anakakhala pansi pa mtengo, pafupi ndithu, kundidikira.

Ine chingwe chinandigunda pamphumi. Ndinaimba ndime imodzi yokha, bambo mmodzi akusenda mbatata yootcha osandiyang'ana. Atameza anandifunsa kuti, "Tikufunanso woyambitsa nyimbo. Ameneyo saima pamzere, msinkhu ulibe ntchito. Kusukulu kwanu amayambitsa ndani?"

Ndinali nditamva kuti pasukulu iliyonse atengapo mmodzi. Ndinaona Filomena akudzutsa mutu.

"Ndine, bwana," ndinatero.

Analemba dzina langa. Pobwerera, titafika pamtsinje, Filomena anandibwereka mpango wake kuti ndikavale ku Lilongwe. Bwenzi bola akananditukwana.

Ndinapita, ndinaphunzira, ndinadya za ntchito imeneyo zaka zambiri. Nthawi yonseyo, nkhaniyi ndikamaifotokoza ndinkathera pa chingwe, anthu n'kumapukusa mitu kuti boma lija linali loipa. Linalidi loipa, ndipo mayi uja ndimanyansidwa naye mpaka lero. Koma tsopano ndikudziwa kuti iwo anam'tsekera khomo limodzi lokha Filomena. Linalo linali lotsegula, ndipo ndinatseka ndine, ndi mawu awiri.

Filomena akadali kumudzi, amalima kachewere. Pa maliro a amayi anga, azimayi a kwaya atakhala m'nyumba ya siwa, onse anayang'ana iye kuti ayambitse. Iye anatembenukira kwa ine, mopanda mkwiyo uliwonse.

"Achemwali a ku Lilongwe, yambitsani ndinu. Paja mumayambitsa ndinu."

Ndinatsegula pakamwa, anthu onse akudikira, koma sipanatuluke kanthu.